Magazi Akaundana mu Mtsempha Wopita Kuchiwindi

Ana inu, ndani mwa inu sanasupukepo bondo posewera mpira kapena fulaye? Magazi amayamba kutuluka, inu n'kumalira, koma musanafike n'komwe kunyumba mumapeza kuti aleka okha. M'mawa mwake pamakhala nkhanambo yakuda, ndipo pakatha masiku angapo imakanganuka n'kusiya khungu latsopano. Kumeneko ndiko kuundana kwa magazi. Pakanapanda kuundanaku, ngakhale kabala ka lezala kakanatha kupha munthu.

Koma magazi omwewo akaundana m'kati mwa mtsempha, mmene akuyenera kumayenda, pamakhala vuto. Lero tikambirana za mtsempha wina waukulu umene uli m'mimba mwanu, wonyamula magazi kupita kuchiwindi. Pali opaleshoni imene madokotala amachita pofuna kupulumutsa munthu amene magazi amuchulukira mumtsempha umenewu. Opaleshoniyo imathandizadi, koma nthawi zina ikatha, magazi amaundana mumtsempha womwewo. Zimatheka bwanji kuti thandizo libwere ndi vuto lake? Tiyeni tione bwinobwino.

Mtsempha umene sulunjika kumtima

Ikani dzanja kumanja kwa mimba yanu, pamene pathera nthiti. Kuseri kwa nthitizo kuli chiwindi. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ndipo palibe chiwalo china cha m'mimba chimene chimachiposa kukula.

Mitsempha yambiri yobweza magazi imalunjika kumtima. Magazi ochokera kumwendo, kudzanja kapena kumutu sapatukira kwina. Koma ochokera m'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba amayenera kudzera kaye kuchiwindi. Kapamba amene tikunena pano ndi chiwalo chija chili kumanzere kunsi kwa nthiti, chimene chimatupa mwana akamadwaladwala malungo. Timitsempha tambirimbiri ta m'matumbo timakumana n'kupanga mtsempha umodzi. Wina umabwera kuchokera kukapamba. Iwiriyi ikaphatikizana imapanga mtsempha wonenepa umene madokotala amautchula kuti portal vein. Ife tiziutchula kuti mtsempha wa portal. Si wautali ayi, ndi masentimita 8 okha kwa munthu wamkulu. Tengani rula yanu muone mmene 8 alili pafupi. Komatu pa magawo anayi a magazi onse olowa m'chiwindi, magawo atatu amadzera m'kamtunda kakafupi kameneka.

N'chifukwa chiyani magaziwa amayamba apita kuchiwindi? Taganizirani nsima ya nyemba imene munadya dzulo. Itagayika, zakudya zofunika zinalowa m'magazi kudzera m'khoma la matumbo. Pamodzi ndi zakudyazo munalowanso zina zosafunika, monga tizilombo tochepa ta m'matumbo ndi poizoni amene amapangika chakudya chikamagayika. Chiwindi chimalandira zonsezo. Shuga wotsala chimamusunga kuti mudzamugwiritse ntchito njala ikadzakupwetekani, tizilombo chimatipha, poizoni chimamusandutsa zinthu zimene impso zingathe kutaya mumkodzo. Magazi akayera, m'pamene amatuluka cha kumtunda kwa chiwindi n'kupita kumtima.

Tsiku lina kwanu akadzapha mbuzi, mudzapemphe akuluakulu kuti akutembenuzireni chiwindi. Kunsi kwake, pafupi ndi kathumba ka ndulu, mudzaona chibowo cha mtsempha waukulu wa khoma lopyapyala umene ukulowa m'kati. Umenewo ndiwo mtsempha wa portal wa mbuziyo, ndipo wanu umalowanso chimodzimodzi.

Chiwindi chikalimba

Chiwindi chabwinobwino n'chofewa, ndipo magazi amadutsamo mosavuta. Koma matenda ena amachisiyira zipsera m'kati, ndipo chipsera n'cholimba. Kumwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri kumachita zimenezi. Matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B nawonso amatero. Ndiye pali matenda ena amene ife a kuno timawadziwa bwino: likodzo.

Ambiri tikamva za likodzo timaganiza za kukodza magazi. Umenewo ndi mtundu umodzi. Pali mtundu wina, wa m'matumbo, umene tinyongolotsi take timakhala m'mitsempha yozungulira matumbo. Kanyongolotsi kakakazi kamodzi kamaikira mazira pafupifupi 300 tsiku lililonse. Ena amatuluka ndi chimbudzi, koma ena amatengedwa ndi magazi, kudutsa mumtsempha wa portal, n'kukakodwa m'timitsempha ting'onoting'ono ta m'chiwindi. Thupi limalimbana ndi dzira lililonse, ndipo pamene lalimbanapo pamatsala kachipsera. Zaka zikamapita, tizipserato timachuluka. Tinyongolotsi ta likodzo anatitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 ali ku Cairo m'dziko la Egypt. Mu 1904, komweko ku Egypt, dokotala wina dzina lake William Symmers anafotokoza zipsera zoyera ndi zokhuthala zimene anazipeza zitakuta mitsempha ya m'chiwindi cha anthu odwala likodzo.

Tsono magazi akubwerabe kuchokera m'matumbo, koma kutsogolo njira yachepa. Amayamba kupanikizana mumtsempha wa portal. Kapamba amatupa chifukwa magazi ake akulephera kutuluka. Madzi amayamba kudzadza m'mimba. Magaziwo amafunafuna podzera pena, ndipo amalowa m'timitsempha tating'ono ta kumapeto kwa m'mero, pamene chakudya chimalowera m'chifu. Timitsempha timeneti sitinapangidwe kuti tizinyamula magazi ochuluka chonchi. Timafufuma, khoma lake n'kupyapyala, ndipo tsiku lina kamodzi kakhoza kuphulika. Munthu amasanza magazi ambiri nthawi imodzi, ndipo akapanda kuthamangira naye kuchipatala akhoza kumwalira.

Masiku ano madokotala amayamba ndi njira zosafuna kung'amba pamimba. Amapereka mankhwala otchedwa propranolol ochepetsa kupanikizana kwa magaziwo. Amathanso kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa, n'kumanga timitsempha tofufumato ndi timalabala ting'onoting'ono. Koma kwa odwala ena zimenezi sizikwanira. Apo m'pamene amaganiza zowatsegulira magaziwo njira ina yolambalala chiwindi. Njira yotereyi amaitchula kuti shunt.

Agalu a Eck ndi Pavlov

Nzeru imeneyi inayambira ku St Petersburg, m'dziko la Russia. Mu 1877 dokotala wina, Nikolai Eck, analumikiza mtsempha wa portal ndi mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, kuti magazi a m'matumbo asadzerenso m'chiwindi. Anayesera pa agalu 8. Agalu 7 anafa pasanathe masiku ambiri. Mmodzi anakhala moyo miyezi iwiri ndi theka, kenako anathawa osapezekanso. Galu mmodziyo anasonyeza kuti zinali zotheka kusoka mitsempha iwiri pamodzi magazi n'kumayenda.

Mu 1893 wasayansi wotchuka Ivan Pavlov ndi anzake anabwereza opaleshoniyi mosamala kwambiri, ndipo agalu ochulukirapo anapulumuka. Koma anaona chinthu chodabwitsa. Akawapatsa nyama, agaluwo ankayamba kudzandira, kulusa, kugunda zinthu ngati sakuona, ena mpaka kukomoka. Chinkachitika n'chiyani? Nyama ikamagayika, m'matumbo mumapangika poizoni wotchedwa ammonia. Chiwindi ndicho chimamuchotsa. Popeza magazi ankalambalala chiwindi, poizoniyo ankafika kuubongo.

Mu 1945, ku New York, madokotala Allen Whipple ndi Arthur Blakemore anafotokoza za maopaleshoni otere amene ankachita pa anthu. Kusanza magazi kunkalekadi. Koma odwala ena anayamba kusokonezeka maganizo ndi kugonagona monga agalu a Pavlov aja, ndipo chiwindi chawo chinkafota chifukwa chosowa magazi. Madokotala anaphunzira kuti chiwindi sichimangotsuka magazi a m'matumbo. Chimafunanso magaziwo kuti chikhale ndi moyo.

Ndiye mu 1967 dokotala wina wa ku America, W. Dean Warren, ndi anzake ku Miami anabwera ndi nzeru ina. Anati tisapatutse magazi onse, tipatutse okhawo amene akuvutitsa. Ankadula mtsempha wa kukapamba pamene umakumana ndi wa portal, n'kuusokerera ku mtsempha wa impso yakumanzere. Motero magazi a m'kapamba ndi a m'timitsempha tofufuma tija ankapeza potulukira, pamene magazi a m'matumbo ankapitabe kuchiwindi. Opaleshoniyi mpaka lero imadziwika ndi dzina la Warren. Kenako mu 1988, ku Freiburg m'dziko la Germany, madokotala anaika kapaipi ka waya m'kati mwenimweni mwa chiwindi cha munthu, atalowera pamtsempha wa pakhosi, osang'amba mimba. Njira imeneyo amaitchula kuti TIPS.

Kodi magazi amaundana bwanji?

Tisanaone chimene chimachitika opaleshoni ikatha, tidziwe kaye mmene ntchintchi ya magazi imapangikira. M'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa platelets. M'kadontho kochepetsetsa, kamene madokotala amakatchula kuti microlitre, mumakhala tizidutswati pakati pa 150,000 ndi 400,000. Khoma la mtsempha likakhala losalala, timangodutsa. Koma tikafika pamene pang'ambika, timamata pomwepo, n'kuyamba kutulutsa timadzi toitana tinzake. Posakhalitsa pamakhala kamulu. Nthawi yomweyo zinthu zina zimene zinasungunuka m'magazi zimasanduka timaulusi totchedwa fibrin. Timaulusito timalukana pamwamba pa kamuluko n'kukola maselo ofiira a magazi. Bowo latsekeka.

Chochititsa chidwi n'chakuti zambiri mwa zinthu zoundanitsa magazi zimapangidwa ndi chiwindi, ndipo zoletsa kuundana zambiri zimapangidwanso ndi chiwindi chomwecho. Chikakhala bwino, chimapanga zonse pamuyeso wake. Chikadwala, muyesowo umasokonekera. N'chifukwa chake munthu wodwala chiwindi akhoza kutaya magazi mosavuta malo ena, koma malo ena magazi ake n'kumaundana.

M'zaka za m'ma 1850, dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafufuza kwambiri za magazi oundana m'mitsempha. Kuchokera pa ntchito yake, ophunzira udokotala padziko lonse amaloweza zinthu zitatu zimene zimayambitsa ntchintchi: magazi akamayenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha likavulala, ndiponso magaziwo akasintha n'kukhala osachedwa kuundana. Chimodzi chokha chikhoza kuyambitsa vuto. Nanga zitatu zonse zikakumana?

Zitatu zonse pamalo amodzi

Amene mumakhala kufupi ndi madimba munaonapo alimi akupatutsa madzi. Ngalande yakale ikamayenda ndi madzi ambiri, pansi pake pamakhala poyera, chifukwa madzi othamanga amakokolola mchenga ndi zinyalala. Koma mlimi akakumba ngalande yatsopano cha kumtunda, madzi ambiri amakhotera kumeneko. M'ngalande yakale mumatsala madzi ochepa oyenda mwaulesi. Mchenga umayamba kudikha, matope n'kuunjikana, ndipo pakapita nthawi ngalandeyo imatsekeka.

Zimenezi n'zimene zingachitikire mtsempha wa portal. Dokotala akatsegula shunt, magazi amathamangira kumene kuli kosavuta kudutsa. Mumtsempha wa portal, umene kutsogolo kwake kuli chiwindi cholimba chija, mumatsala magazi ochepa oyenda pang'onopang'ono. Pa opaleshoni ya Warren, magazi onse a m'kapamba amene ankathandiza kukankha anzawo achotsedwapo. Kwa odwala ena magazi amafika poima, mwinanso kuyamba kubwerera m'mbuyo. Chimenecho ndi chinthu choyamba cha Virchow.

Chachiwiri ndi bala. Dokotala sangalumikize mitsempha popanda kuidula ndi kuisoka. Pamene wadula mtsempha wa kukapamba pamatsala kachitsa kosokedwa, pafupi penipeni ndi mtsempha wa portal. Ngakhale atasoka mwaluso chotani, ndi ulusi wopyapyala ngati tsitsi, ma platelets amazindikira kuti khoma lakhudzidwa ndipo amayamba kumatapo. Iwo sadziwa kuti bala ili n'lothandiza. Amangogwira ntchito yomwe ija anagwira pabondo panu.

Chachitatu ndi magazi enieniwo. Thupi likachitidwa opaleshoni yaikulu limachulukitsa zinthu zoundanitsa magazi, pofuna kudziteteza kuti lisataye ambiri. Wodwala akataya madzi m'thupi, magazi amakhuthala. Tizilombo tikalowa m'mimba, kutupa kumene timayambitsa kumawonjezera vutolo.

Palinso opaleshoni ina imene imabweretsa vutoli kawirikawiri, yochotsa kapamba. Ku Egypt ndi ku Brazil, kumene likodzo la m'matumbo lavutitsa anthu ambiri, madokotala akhala akuchotsa kapamba wotupa n'kumanga mitsempha yopita kumapeto kwa m'mero. Kapamba amasunga gawo limodzi mwa magawo atatu a ma platelets a m'thupi, ndipo akatupa amasunga ochuluka kuposa pamenepo. Akangochotsedwa, ma platelets amachuluka kwambiri m'magazi kwa milungu ingapo. Komanso mtsempha wake wautali, umene unali utakula chifukwa cha kutupako, umatsala uli wotsekeka kumapeto. Magazi amalowamo n'kuima. Ntchintchi ikayambira mmenemo imatha kukula pang'onopang'ono mpaka kufika mumtsempha wa portal.

Yesani izi

Pezani malo otsetsereka pang'ono pabwalo. Kumbani kangalande ndi kamtengo, kotalika ngati mapazi anu asanu. Sakanizani madzi ndi mchenga pang'ono m'chigubu, n'kumathira mosalekeza kumtunda kwake. Onani mmene mchengawo ukukokolokera. Tsopano mnzanu akumbe kangalande kachiwiri kopatuka chapakati, kotsetsereka kwambiri kuposa koyamba. Pitirizani kuthira. Kodi mchenga ukuunjikana kuti? Mukamaliza, musambe m'manja ndi sopo.

Madokotala amadziwa bwanji?

Ntchintchi ikakhala yaing'ono, yongomata kukhoma, wodwala mwina samva kanthu. Ikakula amayamba kumva kupweteka m'mimba, kutentha thupi, nseru, ndipo mimba imatha kudzadzanso madzi. Kuvuta kwake n'kwakuti munthu amene wangochitidwa opaleshoni amamva kale kupweteka, choncho n'zosavuta kuganiza kuti ndi bala chabe. Choopsa kwambiri n'chakuti ntchintchiyo ikhoza kufalikira m'mbuyo mpaka m'mitsempha ya m'matumbo. Magazi akalephera kutuluka m'matumbo, atsopano amalepheranso kulowa, ndipo mbali ina ya matumbo imayamba kufa. Apo pamafunika opaleshoni yamwamsanga.

N'chifukwa chake madokotala sadikira kuti wodwala adandaule. Amamuunika ndi sikani, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Amapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kotumiza phokoso limene khutu la munthu silingamve. Phokosolo likagunda maselo a magazi amene akuyenda, limabwerera litasintha pang'ono. Likagunda magazi oima, limabwerera mmene linapitira. Mfundo imeneyi anaifotokoza ndi wasayansi wa ku Austria, Christian Doppler, mu 1842, ndipo sikani yotere imadziwika ndi dzina lake. Pagalasi la makinawo magazi oyenda amaoneka ofiira kapena abuluu, kutengera kumene akulowera. Dokotala akaona kuti mumtsempha wa portal mulibe mtundu uliwonse, amadziwa kuti magazi sakudutsa.

Akapeza ntchintchi, amapereka mankhwala oletsa magazi kuundana. Amayamba ndi jakisoni wa heparin, mankhwala amene chiyambi chake chinali mu 1916, pamene wophunzira udokotala wina dzina lake Jay McLean ankafufuza ziwindi za agalu ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore. Kenako wodwala amatha kumwa mapiritsi monga warfarin kwa miyezi ingapo. Mankhwalawa sasungunula ntchintchi. Ntchito yake ndi kuiletsa kukula, kuti thupi lipeze mpata woiphwanya lokha pang'onopang'ono, pakuti m'magazi mulinso zinthu zodula timaulusi ta fibrin tija.

Apa dokotala amafunika kusamala kwambiri. Kumbukirani kuti wodwalayu anabwera chifukwa chosanza magazi. Mankhwala akachuluka, akhoza kuyambanso kutaya magazi. Akachepa, ntchintchi ikula. Ndiye amamuyeza magazi pafupipafupi n'kumasintha mlingo wa mankhwala. Anamwino nawo amamulimbikitsa kudzuka ndi kuyendayenda mwamsanga, ndiponso amaonetsetsa kuti m'thupi mwake muli madzi okwanira.

Nanga mtsempha ukatsekeka osatsegukanso? Thupi silingokhala. Timitsempha ting'onoting'ono tozungulira malo otsekekawo timayamba kukula pakangotha masiku kapena milungu yochepa, n'kupanga timanjira tokhotakhota tofikitsa magazi ena kuchiwindi. Timathandiza, koma sitinganyamule magazi onse amene mtsempha waukulu unkanyamula.

Kodi zimachitikiranso ana?

Inde, ngakhale kuti si kawirikawiri. Kwa ana ambiri otere, chiwindi chimakhala chabwinobwino, ndipo vuto limakhala mumtsempha wa portal wokha, umene unatsekeka ali akhanda. Nthawi zina chiyambi chake chimakhala pamchombo. Mwana ali m'mimba, mtsempha wa mumchombo umamubweretsera magazi ochokera kwa mayi ake, ndipo umakalumikizana ndi nthambi yakumanzere ya mtsempha wa portal. Akabadwa, njirayo imatenga masiku kuti itsekeke. Tizilombo tikalowa pamchombo m'masiku amenewo tikhoza kuyenda mpaka kumtsempha wa portal n'kuyambitsa ntchintchi. Mwana amakula osadziwa kanthu, ndipo patapita zaka amapezeka ndi kapamba wotupa kapena kusanza magazi.

Kwa ana otere pali opaleshoni yosangalatsa kwambiri. Mu 1992 dokotala wa ana wa ku Belgium, Jean de Ville de Goyet, anafotokoza njira yatsopano. M'malo mopatutsa magazi kuti alambalale chiwindi, iye analambalala ntchintchi yokhayo. Pa opaleshoniyi dokotala amatenga chidutswa cha mtsempha wa pakhosi pa mwanayo, mbali ina n'kuisokerera ku mtsempha waukulu wa m'matumbo, mbali inayo n'kuisokerera ku nthambi yakumanzere ya mtsempha wa portal, m'kampata kena ka kunsi kwa chiwindi. Magazi amadumpha pamalo otsekeka n'kulowanso m'chiwindi monga kale. Opaleshoniyi amaitchula kuti meso-Rex. Ikayenda bwino, kapamba amaphwa, chiwindi chimene chinali chitachepa chimayambanso kukula, ndipo mwanayo amakula bwino.

Koma zinthu zitatu za Virchow zija sizisankha. Njira yatsopanoyi nayo ili ndi misoko iwiri, ndipo nayo ikhoza kutsekeka ndi ntchintchi. Choncho mwanayo amapatsidwa mankhwala oletsa kuundana, ndipo amabwererabwerera kuchipatala kuti amuunike ndi sikani. Dokotala akaona mtundu ukuyenda bwino pagalasi, makolo amapumira m'mwamba.

Mbali yanu ndi iti?

Maopaleshoni amene tafotokozawa ndi ovuta, ndipo amachitikira m'zipatala zikuluzikulu zokha. Koma zambiri zimene zimafikitsa munthu pamenepo zimapeweka, ndipo zina zili m'manja mwanu.

Azaumoyo akabwera kusukulu kudzapereka mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, musabisale kuchimbudzi kapena kuthawira kunyumba. Amakuimikani pa kamtengo koyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi okuyenerani. Ndi owawa, ndipo ena amamva chizungulire kapena kupotokola m'mimba kwa kanthawi, makamaka akamwa asanadye. Idyani kaye, kenako imwani. Mankhwalawa amapha tinyongolotsi tisanaikire mazira ochuluka, ndipo akamwedwa munthu adakali wamng'ono, chiwindi chimatha kuchira zipsera zoyamba.

Pewani kusamba ndi kusewera m'madzi odikha okhala ndi udzu ndi nkhono, pakuti tizilombo ta likodzo timakulira m'nkhonomo n'kuboola khungu la munthu amene walowa m'madziwo. Gwiritsani ntchito chimbudzi nthawi zonse, chifukwa mazira amafika m'madzi kudzera m'mkodzo ndi m'chimbudzi cha munthu wodwala. Kwanu kukabadwa mwana, musagwire mchombo wake ndi manja akuda, ndipo pasapakidwe kanthu kena koposa mankhwala amene apereka kuchipatala. Akumbutseni amayi tsiku la sikelo, pakuti kuyambira mu 2002 katemera amene ana a m'Malawi amalandira amawatetezanso ku hepatitis B. Ndipo mukaona munthu akusanza magazi, kapena akuchita chimbudzi chakuda bii, itanani wamkulu msanga kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwina pakati pa inu amene mukuwerenga tsamba lino pali amene adzakhale dokotala wa maopaleshoni. Funso limene linavutitsa Eck, Pavlov ndi Warren likadalipo: tingachepetse bwanji kupanikizana kwa magazi popanda kuchimana chiwindi magazi ake, ndiponso popanda kuwasiya kuti aime? Dziko lathu likufunika anthu amene angaphunzire zimenezi n'kudzathandiza odwala a m'mphepete mwa nyanja ndi a m'chigwa cha Shire, kumene likodzo likadali pakati pathu.

Mafunso oti muyankhe ndi anzanu

1. Tchulani ziwalo zitatu zimene magazi ake amadzera mumtsempha wa portal.
2. N'chifukwa chiyani agalu a Pavlov ankadwala akadya nyama?
3. Ndi zinthu zitatu ziti zimene zimayambitsa ntchintchi m'mitsempha?
4. Kodi opaleshoni ya meso-Rex imasiyana bwanji ndi imene Eck anachita pa agalu ake?
5. Mnzanu akakana kumwa mankhwala a likodzo kusukulu, mungamuuze chiyani za chiwindi chake?